Mayi Amene Akumwa Ma ARV Ayezetsenso Khomo la Chiberekero

(NYIMBO YOTSEGULIRA)

WOLANKHULA: Nkhani ya lero ikukhudza amayi, koma abambo musatalikire wailesi, chifukwa mbali yanu ikubwera. Tikukamba za khansa ya khomo la chiberekero, makamaka kwa amayi amene ali ndi kachirombo ka HIV. Zina mwa zimene nditchule ndi zija timazinenera kuseri, choncho akuluakulu mundikhululukire pamene ndilankhule mosapsatira mawu, pakuti matenda awa atitha chifukwa chowanong'ona. Mfundo yanga ndi imodzi. Kwa mayi amene ali ndi HIV, kuyezetsa khomo la chiberekero ndi mbali ya chithandizo chake, chimodzimodzi kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku ndi kupereka magazi kuti aone kuchuluka kwa tizirombo. Ndipo nthawi yoyenera kuyezetsa ndi pamene mayiyo akudzimva kuti ali bwinobwino.

Tikumbukire kumene tachokera. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Mu 2011, Malawi linakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV ayambe mankhwala a moyo wonse, ndipo mayiko ena anadzatengera nzeru imeneyi. Kuyambira 2016, aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti afooke. Zipatso zake tikuziona ndi maso athu: amayi amene kale tikanawalira akulima, akuchita geni, akukwatitsa ana. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse, pafupifupi 10 ali ndi HIV, ndipo ambiri mwa iwo ali pa mankhwala. Koma m'chaka chomwecho cha 2020, chiwerengero cha bungwe loona za khansa padziko lonse chinaonetsa kuti amayi opitirira 4,000 m'Malawi anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira nayo. Iyi ndiyo khansa imene ikupha amayi ambiri m'dziko muno kuposa ina iliyonse, ndipo tili m'gulu la mayiko amene avutika nayo kwambiri padziko lapansi. N'zopweteka kuti mayi amene wamwa mankhwala mokhulupirika kwa zaka 10 n'kugonjetsa Edzi, adzatisiye chifukwa cha matenda amene akanatha kugwidwa ndi thonje ndi viniga.

Kuti timvetse bwino, tione mmene khansa imeneyi imayambira. Khomo la chiberekero ndi kumunsi kwa chiberekero, pamene pamatseguka mwana akamabadwa. Pafupifupi khansa yonse ya pamalo amenewa imayamba ndi kachirombo kena kotchedwa HPV, kamene n'kosiyana ndi HIV. Kachirombo ka HPV kamafala pogonana, ngakhale pongokhudzana khungu la kumaliseche, ndipo n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anagonanapo, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina pa moyo wawo osadziwa. Kali ndi mitundu yambiri, koma mitundu iwiri, ya nambala 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa khansa 7 mwa 10 zilizonse za khomo la chiberekero. Kwa anthu ambiri, chitetezo cha m'thupi chimakachotsa chokha m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Vuto limabwera kakakhazikika. Kamayamba kusintha khungu la pakhomo paja pang'onopang'ono, n'kupanga timalo tosakhala bwino timene sitinafike pokhala khansa. Timalo timeneti sitipweteka, sitituluka magazi, sitinunkha. Tikasiyidwa, tina mwa ito timadzasanduka khansa. Kwa mayi wa chitetezo chokwanira, ulendo umenewu umatenga zaka 15 mpaka 20. Zaka zimenezi ndiwo mwayi wathu, chifukwa m'kati mwake matenda angathe kuonedwa ndi kuthetsedwa asanakule.

Tsono HIV imalowa pati? Ntchito ya HIV ndi kufooketsa asilikali a m'thupi, omwe aja amayenera kuchotsa HPV. Mayi amene ali ndi HIV savuta kutenga HPV, thupi lake limachedwa kukachotsa, kawirikawiri amakhala ndi mitundu ingapo nthawi imodzi, ndipo timalo tija timakula msanga. Ulendo wa zaka 15 mpaka 20 uja ukhoza kufupika n'kukhala zaka 5 mpaka 10 ngati chitetezo chatsika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likunena kuti mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala khansa imeneyi kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi mnzake amene alibe. Ubale wa matenda awiriwa unadziwika kalekale, moti kuyambira 1993 madokotala amawerengera khansa ya khomo la chiberekero m'gulu la matenda osonyeza kuti munthu wafika pa Edzi. N'chifukwa chake malangizo a WHO a 2021 anasiyanitsa magulu awiriwa: amayi ena onse akhoza kuyamba kuyezetsa ali ndi zaka 30, koma amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25, ndipo azibwereza pafupipafupi. Ngati njira yoyezera ndi ya viniga, pasadutse zaka zoposa 3, ndipo anamwino akakupatsani tsiku lapafupi kuposa pamenepa, tsatirani lomwelo.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima. Mukuti, ine mankhwala sindidumphitsa, magazi anga anayeza ndipo anandiuza kuti tizirombo sitikuoneka, ndiye ndivutikirenji? Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo mbali ina mukunena zoona. Kafukufuku waonetsa kuti ma ARV amachepetsa chiopsezo, makamaka kwa amene anayamba msanga ndipo akumwa mosadukiza. Pitirizani ndithu. Koma ma ARV amalimbana ndi HIV, sapha HPV. Amayi ambiri anakhala zaka ndi HIV asanadziwe, ndipo m'zaka zimenezo HPV inapeza mpata wokhazikika. Chitetezo chikabwerera, sichifufuta zonse zimene zinaonongeka kale. Umboni wake ndi uwu: ma ARV atafala, khansa ija ya zilonda zakuda pakhungu yotchedwa Kaposi inachepa kwambiri, koma ya khomo la chiberekero sinatsike motero. Palinso china. Mankhwalawa atalikitsa moyo, ndipo moyo wautaliwo ukupatsa nthawi timalo tija kuti tikule. Choncho mayi amene akuyenda bwino pa mankhwala ndiye ali ndi chifukwa chachikulu choyezetsera, pakuti zaka zimene akuyembekezera kutsogolo ndi zambiri.

Ena akuti, sindikumva kupweteka, kuchipatala amapita ndi odwala. Alimi akudziwa kaufiti. Mmene duwa lake lofiira likuonekera pamwamba pa mzere, iye wayamwa kale mizu ya chimanga pansi pa nthaka, ndipo phesi lapinimbira. Khansa iyi imachita chimodzimodzi. Zizindikiro zikamaoneka, nthawi zambiri matenda amakhala atapita patali. Zizindikirozo ndi izi: kutuluka magazi mukatha kukhala malo amodzi ndi bambo, kutaya magazi pakati pa mwezi pamene si nthawi yosamba, kuona magazi pamene munasiya kale kusamba, chikazi chamadzimadzi kapena chonunkha chosamva mankhwala, ndi kupweteka kosalekeza m'chinena kapena kumsana. Sikuti aliyense woona izi ali ndi khansa, koma woona chimodzi mwa izi apite kuchipatala sabata ino, osadikira tsiku lolandira mankhwala. Amayi ambiri amataya miyezi akumati ndi mauka, akumwa ndi kuika zitsamba, kapena akugula makapisozi pagolosale. Ena amaganiza kuti alodzedwa. Mmene akufika kwa dokotala, nthenda yafalikira. Kuyezetsa kumene tikunena lero cholinga chake n'chakuti mayi asafike n'komwe pa zizindikiro zimenezi.

(NYIMBO YAPAKATI)

WOLANKHULA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za kuyezetsa khomo la chiberekero kwa amayi amene ali ndi HIV. Tsopano tilowe m'chipinda choyezera, chifukwa mantha ambiri amabwera posadziwa zimene zimachitika mmenemo. Njira yofala m'zipatala zathu, imene Unduna wa Zaumoyo unaikhazikitsa m'chaka cha 2004, imatchedwa VIA. Namwino amayamba wakufunsani za msambo, za ana, ndi ngati muli oyembekezera. Kenako mumagona chagada pabedi, chitenje chanu chili chofunda. Iye amalowetsa kachipangizo kotsegula njira pang'ono, kamene amayi ambiri amangokatchula kuti chitsulo, n'kuunika ndi nyali kuti aone khomo la chiberekero. Amanyowetsa thonje ndi viniga wosungunula, n'kupaka pakhomopo, n'kudikira mphindi imodzi. Pamene pali bwino pamakhalabe pofiirira monga m'kati mwa tsaya. Pamene payamba kusintha pamayera, n'kuoneka kachigamba koyera kokhala ndi malire. Zonse zimatenga mphindi zochepa. Mukhoza kumva kuzizira kwa chitsulo ndi kunyerenyetsa pang'ono kwa viniga, koma sakudulani paliponse. Zotsatira mumamva musanatuluke m'chipindamo, ndipo m'zipatala za boma simulipira.

Akapeza kachigamba koyera, sindiye kuti muli ndi khansa. Apeza malo amene akanadzasanduka khansa, ndipo awapeza nthawi ikadalipo. Ngati malowo ndi aang'ono, akhoza kuwathetsa tsiku lomwelo. Kale ankawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri wa m'masilinda, koma mpweyawo unkavuta kupeza. Chipatala cha Nkhoma m'boma la Lilongwe chinayamba mu 2013 kugwiritsa ntchito kachipangizo kotentha, ndipo ntchito ya kumeneko inathandiza kutsimikizira kuti njira imeneyi ndi yotheka m'zipatala za kumudzi. Nsonga ya kachipangizoka imatenthedwa kufika madigiri 100, n'kuigunditsa pamalo oyera aja kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Mayi amamva kupotokola ngati kwa kumwezi, kenako amadzuka n'kuyenda yekha. Malo akakhala aakulu, zimene zimachitika kawirikawiri kwa amayi amene ali ndi HIV, amamutumiza kuchipatala chachikulu kumene amachotsa kachigamba kaja ndi kawaya kamagetsi atabaya mankhwala oletsa ululu. Namwino akakayikira kuti ndi khansa yeniyeni, amatapa kanyama kakang'ono kuti kakapimidwe. Mayi aliyense amene walandira chithandizo ayenera kubweranso pakatha chaka, chifukwa kwa amene ali ndi HIV timalo timeneti timatha kuphukanso.

M'midzi mwathu mumamveka mphekesera zoti chitsulo chija chimazula chiberekero, kapena kuti amene wayezetsa sadzaberekanso. Kachipangizo kotsegula njira kaja sikafika n'komwe m'chiberekero. Kamathera panjira, ndipo ntchito yake ndi yongopatsa namwino mpata woti aone. Kutentha kachigamba kuja kumakhudza khungu la pamwamba lokha, ndipo amayi amatenga mimba n'kubereka bwinobwino pambuyo pake. Chimene chimachotsetsa chiberekero ndi khansa yeniyeni, osati kuyezetsa. Nkhani ya manyazi nayo sindingaipeputse. Mwambo wathu umaphunzitsa mkazi kudzilemekeza, ndipo kuvula pamaso pa munthu wachilendo, mwina mwana wamng'ono kwa iwe, mwina mwamuna, si chinthu chapafupi. Muli ndi ufulu wopempha namwino wamkazi, wopempha kuti chitseko chitsekedwe, ndi wofunsa chilichonse asanayambe. Koma tikumbukirenso kuti amayi omwewa amapirira zonsezi kuchipinda chochilira pofuna kupulumutsa mwana. Moyo wa mayi mwini wake ndi woyeneranso kupirira kotero. Anankungwi ndi amayi a mvano, inu amene mumalangiza atsikana ndi aakazi apabanja, mawu anu amalemera kuposa anga. Mukaika kuyezetsa m'malangizo anu, manyazi adzachepa.

Abambo, nthawi yanu yakwana. Mayi akatenthedwa pakhomo la chiberekero, amatuluka chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, ndipo amalangizidwa kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna kwa masabata 4 kuti bala lipole. Alipo amayi amene amakana chithandizo, akumati ndikayambe ndafunsa bambo kunyumba, ndipo sabweranso. Amaopa kukalipiridwa, kapena kuti mwamuna apita kwina. Abambo anzanga, mwambo wathu womwe umadziwa kudika mwana akabadwa, ndipo timadika nthawi yotalika kuposa imeneyi. Masabata 4 sangafanane ndi zaka zolera ana amasiye. Musamunenenso mkazi wanu kuti matenda wawatenga kuti. HPV imakhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete, mwamuna amainyamula osaona chizindikiro, ndipo palibe angaloze kuti inayamba ndi ndani. Mkazi amene sanadziwepo mwamuna wina koma inu nokha akhoza kukhala nayo. Chimene mungachite n'kumupatsa ndalama yoyendera, kumukweza panjinga, kusamala ana tsiku limenelo, ndi kulowa naye kwa namwino kuti malangizo mumvere limodzi.

Pali mantha ena ozama kuposa onsewa. Mayi amati, ndinalandira kale uthenga umodzi wowawa, wachiwiri sindingaupirire. Bola kufa osadziwa. Ndikumva kulemera kwa mawu amenewa, ndipo sindikuwaweruza. Koma ganizirani zimene zinachitika ndi uthenga woyamba uja. Amene anayezetsa magazi n'kudziwa ndi amene ali moyo lero. Kudziwa n'kumene kunakupulumutsani. Komanso amayi ambiri amene amayezetsa khomo la chiberekero amauzidwa kuti ali bwino, n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Ochepa amapezeka ndi timalo tija, n'kuthandizidwa. Ochepetsetsa ndiwo amapezeka ndi khansa, ndipo ngakhale iwowo, ikapezeka koyambirira imachizika ndi opaleshoni, monga amachitira ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ikachedwa imafuna makina owotcha khansa, amene kwa zaka zambiri dziko lino linalibe, moti odwala ankachita kutumizidwa kunja, ndipo ambiri ankamwalira akudikira. Mbiri yoti khansa sichizika inabwera chifukwa anthu ankafika mochedwa. Ngakhale kwa amene yapita patali, mankhwala oletsa ululu ndi chisamaliro zilipo, ndipo palibe ayenera kuvutika yekha m'nyumba.

Tsono pali chidandaulo china chimene ndiyenera kuchivomereza. Ena mwa inu munapita kukayezetsa n'kuuzidwa kuti woyeza kulibe, kapena zipangizo zatha, kapena mudatumizidwa kuchipatala cha boma lanu mulibe ndalama ya basi. Akatswiri nawonso amanena kuti njira ya viniga imadalira diso la woyeza, moti nthawi zina imaphonya, nthawi zina imaona vuto pamene palibe. Zonsezi n'zoona. N'chifukwa chake WHO ikulimbikitsa njira yatsopano yofufuza kachirombo ka HPV komweko, imene ndi yolondola kwambiri, ndipo mayi akhoza kudzitapa yekha chikazi ndi kathonje ka pakamtengo popanda kuvula pamaso pa munthu. Njira imeneyi yayamba kufika m'zipatala zina, ndipo kumene iliko muilandire. Koma kuperewera kwa njira ya viniga ndi chifukwa chobwerezera kuyezetsa pa nthawi yake, kuti chimene chaphonyeka lero chigwidwe ulendo wotsatira. Kwa akuluakulu a zaumoyo pempho ndi ili: kuyeza kuzichitika pakhomo lomwelo pamene amayi amalandirira mankhwala, tsiku lomwelo. Masiku ano ambiri amalandira ma ARV a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi, kutanthauza kuti ena amafika kuchipatala kawiri kokha pachaka. Ulendo umodzi ukaphonyeka, theka la chaka lapita. Ndipo kuyeza kopanda chithandizo ndi kungomusenzetsa munthu nkhawa. Makomiti a zaumoyo, mafumu ndi makhansala, funsani za zimenezi pamisonkhano yanu, chifukwa ntchito yodalira thandizo lakunja lokha imatha kuima tsiku lililonse.

Tisaiwale ana athu aakazi. Katemera wa HPV anayesedwa koyamba m'maboma a Zomba ndi Rumphi mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Katemerayu amagwira bwino ntchito mwana asanayambe zogonana. Saletsa kubereka, ndipo samutuma mwana kuchita zosayenera. Mtsikana amene anabadwa ndi HIV amafunika kubayidwa kangapo, choncho makolo funsani achipatala kuti asaphonye. Mu 2020, mayiko a dziko lapansi anagwirizana kudzera ku WHO kuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Aka kanali koyamba kuti dziko lonse lapansi lipangane zothetseratu mtundu wina wa khansa. Koma katemera sachotsa HPV imene inalowa kale, choncho kwa mayi amene ndi wamkulu lero, chitetezo chake ndi kuyezetsa.

Potsiriza, nazi zoti tichite. Mayi amene muli ndi HIV ndipo mwakwanitsa zaka 25, tsegulani buku lanu la kuchipatala muone ngati munalembedwa tsiku limene munayezedwa khomo la chiberekero. Ngati mulibe, kapena padutsa zaka, ulendo ukubwerawu wokalandira mankhwala muuze namwino kuti mukufuna VIA musanabwerere kunyumba. Sankhani tsiku limene simuli kumwezi, ndipo ngati muli oyembekezera nenani. Akakupezani ndi kachigamba, landirani chithandizo, ndipo mubwerenso pakatha chaka. Akakutumizani kwina, pitani, ndipo ngati ndalama yavuta uzani gulu lanu lothandizana kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Amayi amene mulibe HIV, kuyezetsaku n'kwanunso, ndipo amene simukudziwa mmene magazi anu alili, zonse ziwiri mungayezetse tsiku limodzi. Amene munayezetsa kale, uzani mnzanu mmodzi mmene zinayendera ndipo mumuperekeze, chifukwa mayi amakhulupirira mawu a mayi mnzake amene anagonapo pabedi lija.

(NYIMBO YOTSEKERA)